Mafuta a Nsomba mu Mfuti ya Malume

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene ndinalozetsa mfuti yodzaza pachifuwa pa mwana wa malume anga. Sindinali woledzera, sindinali wamisala. Ndinali waulesi ndi wopsa mtima basi, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la mafuta ogonera okazingira nsomba, nseru imandigwira.

Nthawiyo n'kuti nditangotha chaka chimodzi ku South Bend. Mayi anga atamwalira ku Ndirande, mlongo wawo, malume Chimbalanga, anandiitanitsa kuti ndidzamalize sekondale kuno ku Amereka. Malumewo anali namwino pachipatala china, munthu wosachulutsa mawu. Anali ndi chizolowezi chimene anzawo a kutchalitchi ankangochipukusira mutu: mpikisano wowombera mfuti ya m'manja. Patsogolo pako amaimika mbale zisanu zachitsulo zopentedwa zoyera. Kachipangizo kowerengera nthawi kakalira, umawombera mbale iliyonse, ndipo amene wazimenya zonse msanga ndiye wapambana.

Ataona kuti ndikuchita nazo chidwi, anayamba kundiphunzitsa ndi mfuti yawo yaing'ono. Lamulo loyamba ankalibwereza mpaka makutu kuwawa: kukamwa kwa mfuti kumayang'ana kumene kuli mbale, zivute zitani. Kuwombera ndinkakukonda. Zina zonsezo ndinkadana nazo. Madzulo ankandiimika m'chipinda cha pansi pa nyumba, mfuti yopanda chipolopolo m'manja, ndikuchalira kapepala komata pakhoma, kukweza, kutsitsa, kukweza, kutsitsa, ngati chitsiru. Tikachoka kowombera, ndiye kutsuka. Kumasula zitsulo, kukwecha mwaye ndi kamswachi, kupukuta, kenako kadontho kamodzi ka mafuta a m'kabotolo kawo apa, kena apo. "Kadontho, mphwanga," ankatero. "Si ndiwo izi."

Kutatsala masabata atatu kuti tipite kumpikisano wanga woyamba ku Indianapolis, malume anaona kaye kuti mu mfuti mulibe kanthu, anakiyira zipolopolo m'bokosi lachitsulo, n'kundisiyira ntchito yotsuka patebulo. Iwo anapita kukakonzekera za kuntchito. Ine mtima unali pa mpira umene unali utayamba kale pa wailesi ya kanema. Sindinakweche kalikonse. Kabotolo ka mafuta kanali katauma, kena kanali m'galaja, ndipo kunja kunkazizira. Apo ndiye ndinakumbukira njinga ya ku Ndirande. Tcheni chikayamba kulira tinkapempha mafuta otsala kwa okazinga tchipisi pa chiwaya, n'kuthira, njinga n'kumayenda bwinobwino. Chitsulo ndi chitsulo, ndinatero mumtima. Kukhitchini Anti, akazi a malume, ankasunga m'chitini mafuta amene akazingira nsomba. Ndinatunga ndi sipuni, n'kukhuthulira m'kati mwa mfuti pamwamba pa mwaye wakalewo, mosaumira. Kunja kokha ndinapukuta mpaka kuwala ngati nsapato ya mkwati.

"Watsuka?" anafunsa malume, atavala kale yunifolomu.

"Ndatsuka, malume."

Anandikhulupirira. Anaikiyira m'bokosi, ndipo poti masabata onsewo ankagwira ntchito madzulo, mfutiyo inagona mmenemo ndi mafuta ake mpaka tsiku la mpikisano.

Tinanyamuka m'mamawa, ine, malume ndi mwana wawo wamkazi Tadala, wa zaka zisanu ndi zinayi, wobadwira konkuno, amene Chichewa ankamva koma kuyankha m'Chingerezi. Msewu wonse inali minda ya chimanga chokolola kale, chisanu chili mbuu. Bwalo lowomberalo linali cha kufupi ndi Lawrence. Dzina langa litaitanidwa ndinakaima pamzere, pambali panga woyang'anira, mzungu wandevu zaimvi. Malume ndi Tadala anaima kumbuyo kwa chingwe pamodzi ndi oonerera ena.

Kachipangizo kanalira. Mbale yoyamba, ngwe! Yachiwiri, ngwe! Yachitatu, zii. Mfuti yajama. Ndinakoka chitsulo chapamwamba monga anandiphunzitsira, koma chinabwerera mwaulesi ngati chikuyenda m'phala. Inalira kamodzi, n'kujamanso, khoko la chipolopolo litakakamira pakhomo potulukira. Ndiye mfuti ija, itafunda pang'ono, inayamba kununkha nsomba yovunda. Wina kumbuyo anafunsa mokweza kuti ndani akukazinga nsomba m'mawa uno, anthu n'kuphulika kuseka. Ngakhale ndinali nditavala zotseka makutu, ndinamva zonse.

Mutu unatentha. Ndinayamba kulimbana nayo mfutiyo, kuigwedeza, kuitukwana.

"Lameki, ugwire mtima!" anafuula malume.

Ndinatembenuka thupi lonse, mfuti ili m'manja, kuti ndiwauze kuti chimfuti chawocho n'chachabechabe. Kukamwa kwake kunadutsa pamimba pa malume n'kukaima pa Tadala, pa jekete lake lofiira. Mwanayo anali akudya bisiketi. Woyang'anira anakuwa, n'kundigwira dzanja ngati mbano, kulibwezera kutsogolo. Atatsegula mfuti, khoko lija linagwa pansi, pambuyo pake chipolopolo chosawomba, chonona ndi mafuta. Anandiuza modekha kuti mpikisano wanga wathera pomwepo.

Tadala sanadziwe n'komwe chimene chachitika. Anangondifunsa m'Chingerezi ngati ndapambana.

Ndinkafuna kukabisala m'galimoto, malume anakana. Anandipatsa chitini cha penti, nati wochotsedwa pampikisano amatsala n'kumathandiza anzake. Tsiku lonse, munthu akamaliza kuwombera, ine uyo kukapenta mbale kuti ziyerenso, ena akundithokoza, ena akupewa kundiyang'ana. Malume sanawombe tsiku limenelo. Ndinawaona akulephera kutsegulira Tadala botolo la madzi.

Pobwerera, Tadala atagona kumpando wakumbuyo, ndinayesa kudziteteza. Ndikamakumbukira mawu amenewa ndi pamene ndimadzinyansa zenizeni.

"Malume, inuyo munandiitana. Kwathu mwana sayankha wamkulu atamufulatira. Ine ndinatembenuka chifukwa cha ulemu."



"Usamunyazitse mlongo wanga," anatero. "Ulemu anakuphunzitsa, eya. Koma nkhope imene ndaiona ine sinali ya ulemu. Unatembenuka kuti undikalipire. Ndipo fungo lija ndalimva. Zimenezo udzandiuza wekha."

Kutacha anayala nyuzipepala patebulo n'kundiuza kuti ndimasule mfuti iwo akuona. Zimene zinatulukamo sindidzaziiwala. Phala lakuda lomata ngati phula, mafuta ovunda osakanikirana ndi mwaye, tinyenyeswa ta ufa wokazingira, ngakhale kamamba ka nsomba katamatirira pa sipuling'i. Fungo lake ngati ngalande ya kumsika nthawi yotentha. Anti anabwera, anasuzumira, n'kugwira pamphuno.

"Mafuta anga amenewa? Mwana iwe, ukananena, ndikanakuwonjezera anyezi ndi tomato."

Palibe anaseka. Ine ndinathamangira kubafa kukasanza. Nditabwerako ndinaima patsogolo pa malume, maso ali pansi.

"Ndinanama, malume. Sindinatsuke."

"Mfuti imajama kwa aliyense," anatero, "ngakhale yotsuka bwino. Ikajama umaima, kukamwa kuli kutsogolo, n'kuikonza, kapena n'kupempha woyang'anira. Bodza lako lajamitsa mfuti, ndi zoona. Koma chimene chikanandiphera mwana ndi mtima wakowo."

Chilango chinali chaka chathunthu osakhudza chipolopolo. Kutsuka basi, ndi kapepala kaja ka pakhoma. Koma anawonjezera phunziro latsopano. Ndikamachalira, iwo ankaima kumbuyo kwanga n'kumandiitana, kundinyogodola, tsiku lina kugwetsa dala chivundikiro cha poto. Ndikangocheuka mfuti ili m'manja, mwezi wina unkawonjezeka pa chaka chija. Inawonjezeka miyezi iwiri. Ndinawada malume chaka chimenecho, sindikubisa.

Lero ndili ndi imvi zanga, ndimakhala ku Beech Grove, ndimagwira ntchito m'nyumba yosungira katundu, ndipo pampikisano ndimawomberabe. Mkwiyo sunathe, funsani mayi a kunyumba. Ndimaipidwa ndikaona azibambo akuluakulu atanyamula mfuti zonyezimira kunja, ikajama n'kumatukwana amene anaipanga, kutukwana zipolopolo, kutukwana mphepo. Ndimadziwa chili m'katimo, ndinachinunkhizapo.

Chaka chathachi malume, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anabwera kudzandionerera pamodzi ndi Tadala ndi ana ake awiri. Pa mbale yachinayi mfuti yanga inajama, yotsuka bwinobwino ndi manja angawa. Mutu unatentha ngati kale lomwe. Kumbuyo ndinamva mawu aja, okalamba koma omwewo: "Lameki!"

Sindinacheuke. Ndinachotsa zipolopolo, ndinaonetsa woyang'anira kuti mulibe kanthu, ndinaibwezera m'chikwama chake, ndiye kenako kutembenuka.

"Mwana wamwano iwe," anatero malume, akumwetulira, "kumufulatira munthu wamkulu?"

Pambali pawo ana a Tadala ankalimbirana bisiketi, osadziwa kuti kale mayi awo anaimapo kutsogolo kwa mfuti yanga. Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Mtima wangawu sindinaugonjetse, ndipo mwina ndidzaikidwa nawo m'manda. Chimene malume anandiphunzitsa n'chochepa, koma chinandikwanira: mtima uziwira mmene ungawirire, bola manja asamve.