Timakina pa Mwendo wa Amayi

Linali Lolemba loyamba la mwezi wa Julaye, kunja kukuzizira, ndipo ine ndinali nditakhala pansi m'chipinda cha amayi, ndikuwamanga timakina. Tinali titatu, kalikonse ngati kabokosi ka machesi: kena pantchafu, kena m'munsi mwa bondo, kena m'chiuno. Achipatala anati azivala sabata yathunthu kuti timakinato tione mmene amayendera akakhala kunyumba, chifukwa pamaso pa dokotala amayi ankayenda mowongoka ngati nyamakaziyo ndi ya munthu wina.

"Ndiye akazitape angawo amenewa?" anatero amayi. "Usakoke lamba choncho iwe, sukumanga mbuzi."

Ine anandipatsa ntchito yolemba zimene amayi akuchita ndi nthawi yake. Ndikakhala kusukulu, ankandiuza madzulo. Sizinandivute. Kusukulu anzanga ankacheza m'Chiswahili chothamanga chimene sindinkachigwira, ndiye pa buleki ndinazolowera kukhala ndekha ndi kope langa.

Tinkakhala ku Madaraka mumzinda wa Nairobi, m'nyumba yosanja yopanda lifiti, pamwamba penipeni. Abambo anali atanena kale kuti bondo likapitirira kuvuta, amayi akakhale kwa achemwali awo ku Zomba, kumene kulibe masitepe. Abambowo ankayendayenda ndi ntchito, nthawi zina milungu iwiri osaoneka. Sindinkafuna n'komwe kuganiza zoweruka kusukulu n'kudzatsekula ndekha chitseko cha nyumbayo. Mu Nairobi monse, munthu amene ndinkacheza naye osayamba ndakonzekera mawu anali amayi okha.

Choncho ndinkalemba mosamala. Akuphika. Atsika kukagula masamba a sukuma. Apuma pamasitepe kawiri. Kwabwera alendo.

Sabata itatha tinabwerera kuchipatala. Mayi wa mafizo, Mkenya wamtali wokonda kuseka, anatitembenuzira kompyuta. Panali mizere yokwera ndi kutsika, ndipo anayamba kuloza ndi cholembera.

"Apa, apa, ndi apanso. Bondo likupindika mpaka pansi, kenako mukudzuka movutikira. Lamulungu masana ndiye kambirimbiri. Mama, kodi mumagwa?"

"Ine? Sindinagwepo."

Anapempha kope langa. Pa Lamulungu masana ndinangolemba kuti kwabwera alendo. Ndinayang'anitsitsa mawu awiriwo. Tsikulo kunabwera abusa ndi akuluampingo awiri a kwathu. Amayi anagwada powapatsa moni, mmodzimmodzi. Anagwada powathirira madzi m'manja, anagwadanso potula tiyi. Masiku enawo ankagwadira abambo m'mawa ndi madzulo. Ndinakula ndikuziona, moti sindinaganize n'komwe kuti n'zoti munthu n'kulemba.

"Amagwada," ndinatero chapansipansi.

"Popemphera?"

"Ayi. Popereka ulemu."

Amayi anandiyang'ana ndi diso lija limene amandiyang'ana nalo ndikaseka m'tchalitchi. Mayi wa mafizo sanaseke ulendo uno. Anati bondo lotupa choncho silikufuna kugwadagwada pa simenti, ndipo akaleka n'kumalimbikira mafizo, masitepe aja akhoza kumawakwerabe.

Pobwerera tili m'matatu, minibasi ya kumeneko, amayi anayamba kundikalipira titangodutsa pa sitediyamu.

"Wandiyalutsa kwa anthu a eni," anatero. "Ukufuna ndiziwapatsa madzi abambo ako nditaima njo ngati polo ya magetsi? Abusa aziti ndinaleredwa kuti?"

"Koma amayi, mudzapita ku Zomba."

"Nanga ku Zomba kulibe anthu?"

"Kuno ndiye kulibe."

Amayi anangondikonza kolala ya juzi, n'kuyang'ana pawindo.

Madzulo amenewo abambo analipo. Ndinathamangira kukhitchini kuti beseni losambira m'manja ndinyamule ine, koma amayi anandilanda, amvekere amuna awo sanakwatire mwana. Ndinaima pakhomo n'kumayang'ana. Anagwira kaye mphepete mwa tebulo, n'kutsika pang'onopang'ono, mlomo ataluma. Abambo anasamba m'manja maso ali pa nkhani za pa TV, n'kunena zikomo. Podzuka, amayi anayesa kawiri. Abambo sanaone, monga mmene inenso sindinkaonera.

Pamenepo ndinazindikira kuti amayi sangamvere ine, sangamverenso kompyuta. Angaleke pokhapokha abambo atanena okha kuti, "Mayi, imani, ulemu wanu ndauona kale." Koma abambo sankadziwa chilichonse, ndipo amayi sakanawauza.

Ine ndi abambo tinkangopatsana moni ndi kukambirana za mayeso basi. Ndinali ndisanayambitsepo nkhani ndi iwo chibadwire. Ndinatenga kope n'kulemba mawu oti ndikayambire, ndinafufuta, ndinalembanso. Anali oti anyamuka Lachitatu ulendo wina wautali, ndiye tsiku linali limodzi lokha. Ndinatsimikiza mtima kuti m'mawa mwake, akamandiperekeza kokwerera basi ya sukulu, ndiwauza tisanafike pageti.