Apulofesa a Pamakina Otayipira

Kuseri kwa koleji kunali kashopu kodzaza mapepala ndi fungo la inki, ndipo mwini wake anali mayi wina wotayipa. Msewu wonse unkawatchula kuti Apulofesa, ngakhale sukulu anailekezera panjira. Ophunzira za filosofi ndi za kaganizidwe ka munthu ankabweretsa zolemba zawo zokhotakhota, mayiwo n'kumatayipa, mawu akuluakulu aja n'kumawakanirira m'mutu ngati chisoso pa chovala.

Ndiye panalibe wopulumuka. Wosoka nsapato wa pakhonde, amene sankadandaula ngakhale mvula imunyowetsere zikopa, anali Msitoiki. Mlamu wawo wokonda nyama ndi tulo anali Mwepikureya. Amuna awo omwe, munthu woti ukamuuza kuti kunja kwacha amayamba wasuzumira pawindo, anaikidwa m'gulu la okayika chilichonse. Anthu ankaseka, mayiwo n'kumanyadira, poti pakamwa pawo sipankagwa ntchentche.

Kenako mwana wawo wamkazi anapita padera, pathupi patakula kale. Anabwerera kwa makolo ake, n'kudzitsekera kuchipinda. Kuyankhula anasiya, chakudya chinkabwerera chosakhudzidwa, ndipo thupi linayamba kutha mayi ake akuona. Apulofesa anachita mantha kwambiri, n'kuthamangira ku mawu awo aja.

Anayamba ndi Asitoiki. "Limba mtima mwanangu, zimene sungazisinthe usazisenze."

Mwanayo anatembenukira kukhoma.

Apulofesa anakumbuka gulu lina la akatswiri limene limati khalidwe la munthu limatsata mphotho. Anagula nsapato zofiira, n'kulonjeza mwanayo kuti akangomaliza mbale imodzi ya chakudya zikhala zake. Nsapatozo zinakhalira m'bokosi. Panatsala aja ofukula maloto ndi za paubwana, choncho m'mawa wina anaima pakhomo la chipindacho.

"Walota chiyani lero, mwanangu?"

"Amayi, ndisiyeni chonde. Ine si nkhani yoti mutayipe."

Mawuwo anawalasa. Kushopu zala zinkangophonya, mpaka wophunzira wina anabweza tsamba lodzaza zolakwika. Masana anatseka chitseko, n'kubwerera kunyumba atagula chipeso ndi mafuta a tsitsi.

Tsitsi la mwanayo linali litamangana. Mayiwo anakhala m'mphepete mwa bedi, n'kugoneka mutu wake pamiyendo pawo, ndipo iye sanakane. Anayamba kumasula pang'onopang'ono kuchokera kunkhongo. Kukhala chete inali ntchito yowawa kwa munthu ngati iwo. Mawu anzeru ankawayabwa pakamwa, koma ankawameza limodzi ndi malovu, misozi ikugwera m'mafuta muja.

Atafika pakati pa mutu, mwanayo anayankhula chapansipansi.

"Ndinali nditamupezera kale dzina."

Chipeso chinaima.

"Ndiuze, mwanangu," anatero mayiwo. "Ndimudziwe mdzukulu wanga."