Mwana wa Pakhonde ndi Chinangwa Chowawa

Ntchito yanga yoyamba sindinachite kuifunsira. Inandipeza ndili pa mtondo kuseri kwa nyumba ya amayi ku Kota Kota, zaka zija za Chitaganya, ndili mtsikana wongotha msinkhu. Anabwera nayo ndi Mayi Nachisale, amene ankathandiza azamba pachipatala cha pa boma, mayi wamtali wosadziwa kuzungulira polankhula.

"Mwanaisha," anatero, "sukulu ya mishoni imaweruka dzuwa lili paliwombo. Ife tili ku ntchito, ena ali ku mpunga, amuna ali panyanja kapena ku Joni. Dzulo wanga ndam'peza ali m'bwato la eni, akupalasa ndi manja. Makolo tagwirizana kuti uzitisungira anawa mpaka tiweruke."

Amayi anavomera ine ndisanatsegule pakamwa. Choncho ndinayamba ndi ana asanu ndi atatu, kuyambira a kalasi yoyamba, ya Sabu A, mpaka a Sitandade 2. Chizungu sindinkachidziwa, ndipo mpaka lero sindichita nacho manyazi. Ndinaphunzira ku madirasa ndi pa ntchito za amayi, basi.

Zida zanga zinali mphasa ziwiri, mtsuko wa madzi akumwa ndi chikho chake, lichero, timipeni titatu, kachidutswa ka sopo ndi singano imodzi. Ndinkawadikira pamtengo wa mango m'mbali mwa msewu wochokera ku sukulu, n'kuwaitana mayina mmodzimmodzi. Tikafika kunyumba aliyense ankasamba miyendo, ine n'kuyang'ana pakati pa zala ngati mwalowa thekenya. Likapezeka ndinkawotcha singano pamoto n'kulichotsa lamphumphu, chifukwa ukaliphulitsira m'kati chilonda chimatukusira. Kenako ankadya phala la mpunga kapena mbatata, n'kugona pang'ono pamthunzi. Kunyanja sankapita popanda ine, ndipo kumabango kobisala ng'ona sankapitako ngakhale ndili nawo.

Akadzuka tinkagwira chinangwa. Kwathu kuno chakudya ndi kondowole, ndipo chinangwa chake ndi chowawa chija chimene chimapha munthu akachidya chachiwisi. Umachisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku atatu kapena anayi mpaka chifewe, n'kuchivuula, kuchifinya, kuchiyanika pa thandala, kenako kusinja. Chozuna ndiye chimadyedwa chachiwisi. Vuto lake n'lakuti ukazisenda ziwirizi zimayera mofanana. Ndiye mwana aliyense wobwera kwa ine ndinkayamba ndamuphunzitsa lilime: luma pang'ono kunsonga, tafuna kawiri, dikira. Chikawawa n'kuyamba kuumitsa lilime, lavula ndipo utsukuluze m'kamwa. Ana ankachita ngati masewera, kupikisana kulavulira patali, koma ine ndinkadziwa chimene ndikuchita.

Mwana wachisanu ndi chinayi anabwera chakumapeto kwa chaka. Anali Giresi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, mwana wa Bambo Matewere, kalaliki wa pa boma amene anali atangosamutsidwa kuchokera ku Zomba. Mayi ake anali atabwerera kwawo kukachira. Giresi anali yekhayo wovala nsapato, wofatsa, wogwada popereka moni. Ndinam'konda tsiku loyamba lomwelo.

Tsiku lachitatu bambo ake anatulukira pa njinga masana, kudzaona kumene asiya mwana. Anapeza Giresi atavula nsapato, ali pamphasa ndi anzake, kampeni m'manja. Anayang'ana mtsuko, anayang'ana makoko a chinangwa, kenako anandiyang'ana ine kuyambira kumapazi.

"Iwe mtsikana, unalekeza kalasi yanji?"

"Sindinapite ku mishoni, bambo."

"Zikuoneka. Mwana wanga sanabwere kuno kudzaphunzira ukapolo wa kondowole. Azikhala pakhonde ndi sileti yake. Asagwire mpeni, asagwire chinangwa, ndipo zolavulalavula ndaziona apazi ndisadzazionenso pa iye."

Madzulo ake ndinakadandaula kwa Mayi Nachisale. Anandiuza kuti mkazi wa mphunzitsi wina wayamba kusunga ana kunyumba kwake, pa mabenchi, ndi masileti ndi kamkwapulo, ndipo makolo ena ayamba kale kuyerekeza kuno ndi uko. "Mwana ndi wake," anatero. "Chita zimene akufuna, usaputeputa akalaliki."

Ndinamvera. M'mawa mwake ndinauza Bambo Matewere kuti inde bambo. Ndinayala kamphasa pakhonde, Giresi n'kumakhala pamenepo ndi sileti ndi nsapato zake. Kwa milungu itatu ankangoyang'ana anzake akukukuta chinangwa chozuna, akuseka, iye akulemba n'kufufuta. Mtima unkandipweteka, koma ndinkaopa kutaya ntchito.

Tsiku lovuta linali Lachinayi, nyengo yotentha, mango asanapse. Amayi anali atakumba chinangwa chowawa chambiri, ndipo tinachisenda n'kuchiunjika m'dengu pafupi ndi khonde kuti tikachiviike dzuwa likapepa. Mwana wa Mayi Nachisale anali ndi matekenya awiri pachala chimodzi, ndiye ndinapita naye kuseri kumoto. Anakuwa, anaponya mwendo, ndipo anzake onse anathamangira komweko kudzaonerera. Pakhonde panatsala Giresi yekha ndi dengu.

Titabwerako sindinaone chachilendo. Patapita nthawi ndinamuona atatsamira khoma, sileti itagwa pansi.

"Giresi, watani?"

"Mutu, achemwali. Nyumba ikuzungulira."

Ankapuma mofulumira, thukuta lili kamukamu. Ndinaganiza malungo, koma thupi silinali lotentha. Ndikum'nyamula, m'thumba la diresi yake munagwa chidutswa cha chinangwa chokhala ndi mano. Ndinaluma kunsonga, ndipo lilime linauma nthawi yomweyo. Chinali chowawa chija cha m'dengu.

"Wadya chochuluka bwanji?"

Anandisonyeza ndi zala, kutalika kwa dzanja lake.

"Nanga sichinawawe?"

"Chinawawa. Koma anzanga amadya. Ndipo adadi anati kulavula n'kwa anthu osaphunzira."

Ku Zomba chinangwa chimene ankachidziwa ndi chija chogula pamsika, chodya poyenda. Palibe anamuuza kuti kuno chilipo china. Amene akanamuuza ndinali ine.

Ndinam'weramitsa n'kumutosa chala kukhosi monga ankachitira amayi, ndipo anasanza zoyera. Ndinakuwira amayi kuti agwire ana enawo, ine n'kumubereka Giresi ndi nsalu. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amalemera, ndipo mchenga wa ku Kota Kota masana umawotcha mapazi. Ndinathamanga ndikumulankhula kuti asagone, ndikumufunsa mayina a anzake. Titapitirira msika anasiya kuyankha, mutu wake ukungogunda pamsana panga. Ndinalira ndikuthamanga, sindibisa.

Pachipatala Mayi Nachisale ndi adilesa, othandiza dokotala aja, anamulandira, ine n'kuwapatsa chidutswa chija kuti asataye nthawi kufunafuna matenda. Ndinakhala panja pa simenti. Dzuwa litapendeka, Mayi Nachisale anatuluka n'kunena kuti Giresi watsegula maso ndipo wapempha madzi.

Bambo Matewere anafika akukankha njinga, kolala ili pambali. Atamuona mwana anatulukira kwa ine, odwala onse akumva. "Mbuli iwe! Wafuna kundiphera mwana ndi zakudya zanu za nkhumba. Ndikakusumira kwa bwana Disii!" Ndinanyamuka n'kubwerera kwa ana anga. Munthu amene watsala pang'ono kuika maliro sulimbana naye tsiku lomwelo.

Lamulungu masana makolo onse anakumana pamtengo wa mango uja kuti aone ngati ndili woyenera kusunga ana. Bambo Matewere analankhula nthawi yaitali, akuponyamo ndi Chizungu. Anati kwa mkazi wa mphunzitsi kuli mabenchi, kuli mwambo, kulibe mipeni, ndipo mwana amabwerako akudziwa kuwerenga mpaka handiredi. Bambo wina wosoka zovala anavomereza ndi mutu. Mayi wina wa ku mpunga anati ana ake chiyambireni kubwera kwa ine alibe zilonda kumapazi. Wina anati mipeni ndiyo ikumuopsa. Anakangana, ine ndili pansi ndi lichero lovundikira pamiyendo. Amayi anali atandilangiza kuti ndigwade, ndipepese, ndisachulutse mawu.

Nthawi yanga itakwana ndinagwada ndithu, koma mawu ndinachulutsa.

"Ndinalakwa," ndinatero. "Koma si pamene akulozapo bambowa ayi."

Ndinavundukula lichero. Munali zidutswa ziwiri zosendasenda, zoyera mofanana. Ndinalipereka kwa Bambo Matewere ndi manja awiri. "Bambo, inu munapita patali ndi sukulu. Chimodzi apa ndi chakudya, china ndi maliro. Tisankhireni."

Anayang'ana lichero, osatambasula dzanja. "Ine sindinabwere kudzasewera."

Ndinaitana Amina, wamng'ono pa ana anga onse, wa Sabu A, amene anali pamiyendo pa mayi ake. Analuma choyamba, anatafuna kawiri, n'kulavulira kutali ndithu, pafupi ndi tayala la njinga. Analuma chachiwiri, n'kukhala pansi kumachidya. Anthu ena anaseka, koma ine sindinaseke.

"Ana asanu ndi atatu awa akhala pafupi ndi dengu lomwelo chaka chonse, palibe analedzerapo chinangwa. Mmodzi yekha ndi amene ndinamusiya osamuphunzitsa, chifukwa bambo ake analetsa, ine n'kunena kuti inde bambo. Kulakwa kwanga n'kumeneko. Ndinaopa kolala kuposa kuopa dengu. Tsopano mumve, makolo anga. Amene akufuna mabenchi apite kumabenchi, sindikwiya. Koma wobwera kwa ine adzagwira mpeni, adzaluma chinangwa, ndipo adzalavula, kaya ndi mwana wa kalaliki kaya ndi wa Disii mwiniwakeyo. Mwana wa pakhonde sindidzasunganso."

Amayi anagwira pakamwa. Mayi Nachisale anayang'ana pansi, kenako anati, "Ndinamuuza kuti amvere ndine. Wanga akhala konkuno."

Sindikunamizani kuti onse anawomba m'manja. Makolo atatu anachotsa ana awo sabata yomweyo, ena chifukwa cha mipeni, ena chifukwa mtsikana wosaphunzira sayankha kalaliki chotero pagulu. Bambo Matewere sanakasume, komanso sanandipatsenso moni mpaka anasamutsidwa. Giresi anapita kumabenchi. Ndinkamuona patali akudutsa ndi nsapato zake, akundibayibitsa mobisa, ndipo zinkandiwawa. Ndinatsala ndi ana asanu, ndipo ndinawasunga mpaka ndinakwatiwa.

Ana a eni ndasunga ambiri chichokereni pamenepo, ndipo mpaka lero azimayi achitsikana amabwera kudzandifunsa kuti wosiyira mwana amusankhe bwanji. Amandiuza za mipando, za mpanda, za zithunzi zapakhoma. Ine ndimati zonsezo kaoneni, n'zabwino. Koma mukatha, mulamuleni chinthu chimodzi chimene iye akudziwa kuti chingapweteke mwana wanu, ndipo mumve yankho lake. Akakuyankhani kuti inde bambo, nyamulani mwana wanu muzipita.