Madzi Atuwa

Mpopi unafika pa ploti pathu ku Rumphi boma mwana wanga atangoyamba kudya phala. Ndinasangalala, sindinama. Ndinali nditatopa ndi mzere wa pakiyosiki, mwana kumsana, ndowa kumutu. Kwathu ndi ku Zomba. Kuno ndinatsatira amuna anga, omwe amagwira ntchito ku geti la Thazima, polowera kumalo osungirako nyama zakutchire, ndipo amabwera kunyumba mwa apo ndi apo. Chitumbuka ndinkangodziwa moni ndi yewo basi.

Anthu a zamadzi anaika mita kumsewu, ntchito yawo n'kuthera pomwepo. Paipi yochokera pa mita kufika kuseri kwa nyumba zathu za lendi anaikoka ndi pulambala amene anaitanidwa ndi mayi eni ploti, mayi achikulire okonda tchalitchi, a maso ofooka.

Madzi ankasiyasiya. Akamabwerera, mpopi unkayamba watsokomola, kenako n'kulavula madzi a mtundu wa phulusa, okhala ndi kafungo kamene sindinkafuna kukapatsa dzina. Tsiku lina ndinatunga m'tambula n'kupita nawo kwa mayiwo.

"Mayi, taonani madziwa. Atuwa."

"Enya mwana wane, atuwa chomene!" anatero akumwetulira, osayang'ana n'komwe. "Tithokoze Chiuta. Si aja a kumtsinje."

Ndinabwerera mtima ukuwira. Kwathu chinthu chotuwa ndi khungu losadzola, mbale yosatsuka bwino. Ndinaganiza kuti akundinyoza dala poti ndine wobwera. Ndinapitanso, n'kupitanso, yankho lomwelo. Mpaka ndinawamva akuuza alendo awo kuti, "Ngakhale mtsikana wa satifiketi uja akuti madzi athu ngotuwa."

Akumwa ndinkawiritsa. Koma khanda silisankha. M'bafa limameza madzi, limayamwa kansalu kosambira, limanyambita zala. Mwana wanga anayamba kutsegula m'mimba. Matewera ankadzaza ndowa, ine n'kumawachapa ndi madzi omwewo. Liwombo linalowa, maso n'kulowanso. Kuchipatala anandipatsa timapaketi tosungunula m'madzi, namwino n'kundifunsa kumene timatunga. Nditati pampopi anagwedeza mutu ngati nkhani yatha. Ine ndinkangomukhudza mwana pamutu kosalekeza, kuopa kuti mwina wasiya kupuma.

Amene anandimasulira ndi neba wanga, mphunzitsi wochokera ku Nchenachena. Anandimva ndikudandaulanso kwa mayi aja, n'kuseka mpaka kugwira khoma.

"Asisi, inu mwakhala mukuwayamikiratu! Kuno kutuwa ndi kuyera. Ngakhale Mzimu Woyera timati Mutuwa."

Ine sindinaseke. Ndinamusiyira mwana n'kuyamba kulondola paipi kuchokera pampopi. Inadutsa kuseri kwa khitchini, n'kutsikira m'ngalande ya madzi a m'mabafa, pafupi ndi chimbudzi chathu chokumba chimene chinkasefukira mvula ikagwa. Mmenemo munali thovu lobiriwira, thewera la mwana wa wina lotupa, ntchentche zikuluzikulu zija zonyezimira. Ndinatokosa ndi ndodo. Paipi inali yong'aluka, pong'alukapo atamangapo mphira wa chubu cha njinga, mphirawo utawola. Timphutsi toyera tinkayenda pamenepo. Madzi akasiya, paipi inkayamwa zonsezo n'kutibweretsera m'kapu.

Ndinasanza pomwepo. Kenako ndinakawagwira mkono mayi aja, zomwe sindinachitepo kwa munthu wamkulu, n'kuwakokera kungalande. Anawerama mpaka nkhope kuyandikira, n'kuweramuka atatseka mphuno ndi chitenje.

"A mama we! Ndiye inu mumangoti atuwa, atuwa, osanena kuti ngakuda?"

"Nanga fungo silinkakufikani, mayi?"

"Ine ndimati ndi mankhwala a anthu a zamadzi aja."

Pulambala anabwera akunyinyirika kuti paipi zamasiku ano n'zosalimba. Mayi anamuimirira pamsana mpaka anaika yatsopano, yodutsa pamtunda, kutali ndi ngalande. Mwana anachira pang'onopang'ono, masaya n'kubwerera.

Pano akuyenda. Akaona anzake akuyasamira pansi pa mpopi, nayenso amathamangira komweko kukamwa kuli yasa. Ndimamunyamula asanafike, iye n'kulira ngati ndamumenya. Amayi a pa ploti amati ndimadzimva, madzi ndi abwino tsopano, ndipo mwina akunena zoona. Anene zimenezo. Wanga samwa pampopi.