Mphuno Yokhota pa Dinari

Zosimo anali kapolo mnzanga kunyumba yosulira ndalama pa phiri la Kapitoli. Iye ankagoba zidindo, ine ndinkamenya nyundo. Ukaika kasiliva pakati pa zidindo ziwiri n'kumenya kamodzi, khoo! dinari yatuluka: mbali ino mutu wa Roma, mulungu wamkazi wa mzinda wathu, mbali inayo akavalo.

Munthuyu sankayankhulayankhula, moti tinkamuseka kuti anakwatira chitsulo. Koma anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Prepusa, wa mphuno yokhota pang'ono chifukwa anagwa ali wamng'ono. Mbuye wawo atamwalira, achibale anawagulitsa ngati mbuzi: bambo ku boma, mwana kwa wamalonda wina wa panyanja. Kumene anapita naye palibe anatiuza.

Chaka chomwecho Roma anayamba kutuluka ndi mphuno yokhota.

"Iwe Zosimo, wapenga?" ndinamunong'oneza. "Nkhope ya kapolo pa mulungu? Akadziwa akusenda msana!"

"Menya nyundo, Hilaro, usiye kulongolola," anatero. "Ine sindingachoke mumzinda muno, koma dinari imafika kulikonse. Mwana wanga akaiona adzadziwa kuti ndili moyo."

Woyang'anira ntchito anaiona mphunoyo, koma ankayesa kuti dzanja la Zosimo lakalamba. Anamukwapulitsa, n'kulamula kuti chidindocho chiphwanyidwe. Wophwanya ndinali ine, ndipo zinandiwawa, ndisaname. Chidindo chatsopano chitatha, mphuno yomweyo. Zikoti zinanso. Nkhalamba ya liuma ngati imeneyo sindinaionepo.

Zaka zinapita, maso ake anachita chifunga, anamulanda zogobera n'kumupatsa tsache. Za Prepusa, zii. Ine mumtima ndinkati munthuyu anangovutikira pachabe.

Tsiku lina tikumwa vinyo pa kanyumba ka kumsika, msilikali wina wochokera ku Sisiliya anatulutsa dinari yakale, n'kuphulika kuseka.

"Ha! Mayi wa buledi uja! Kudoko kwathu kuli mayi wa mphuno ngati iyiyi. Ukamulipira amayamba waiyang'anitsitsa ndalamayo. Ina anaiboola, amavala m'khosi. Akuti ndi bambo ake akumupatsa moni. Misala!"

Zosimo anapapasa mpaka anagwira mkono wa msilikaliyo. Ndinkayesa afunsa njira ya ku Sisiliya, ngakhale kapolo sakanapitako. Ayi ndithu.

"Mwanawe, usandinamize. Amaoneka kuti akudya?"

"Madala, ndi wonenepa kuposa ine! Ndi ana omwe ali nawo, amakangamira pa nsalu yake."

Zosimo anapempha dinariyo. Kuiona sakanatha, ndiye anangoyendetsa chala pa nkhope yofufutikayo mpaka anapeza pokhota paja. Analira ngati mwana, anthu onse akuona. Ine ndinayang'ana kumbali, poti nanenso misozi inali italengeza.