Nthambi za asewere anga si nkhuni

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kuyambana ndi asewere anga chifukwa cha nkhuni. Inde, nkhuni. Munthu wa imvi m'ndevu ngati ine, wophikira magetsi ku Oshawa kuno, tauni ya kufupi ndi Toronto.

Asewerewo ndi a Gordon, bambo a mnyamata amene anakwatira mwana wanga Tadala. Ndi mzungu wachikulire, wosalankhulalankhula, ndipo ali ndi nkhalango yawoyawo chakumpoto kwa tauni yathuyi, imene anawasiyira bambo awo. Moyo wawo wonse akhala akusakamo agwape mwezi wa Novembala, nyengo imene boma limalola. Agwape a kuno musawayerekeze ndi tiagwape ta kwathu ku Ntcheu. Ndi zinyama, msinkhu ngati thole.

Koma zaka zapitazi mkuluyu wakhala akubwerako chimanjamanja. Agwape anasamuka. Ana awo anapezerapo pakamwa: bambo, mawondo atha, nyama kulibe, gulitsani malowa anthu amangepo nyumba. Iwo anayankha kuti ayesa chinthu chimodzi chomaliza. Agwapewo akapanda kubwerera, agulitsa.

Chomalizacho mukuchidziwa? Anaitana odula mitengo.

Tadala atandiuza zimenezi m'galimoto, tikupita kukaona nkhalangoyo Loweruka lija, ndinamenya chiwongolero. Ufuna nyama ibwere, ndiye uitane macheka? Ine ntchito ya macheka ndikuidziwa. Phiri la kwathu linali la mibawa ndi milombwa ndili mnyamata. Lero ndi dazi lokhalokha, moti nyani akafuna kudutsapo amanyamula kamba.

Titafika ndinaponya maso uku ndi uku. Nkhalango inalipo! Odulawo anali atamaliza ntchito n'kupita, chipale chofewa chili mbuu pansi, zitsa apa ndi apo basi. Katswiri wa zankhalango anayamba wayendamo n'kupaka penti mtengo uliwonse woyenera kugwa. Wopanda penti sukhudzidwa. Ndipo yambiri imene inagwa inali yopindika, yodwala, yothinana. Italiitali yowongoka ngati mizati ya tchalitchi, yodzaza matabwa, anaisiya ili chiimire.

Kwathu wocheka matabwa amayamba ndi mtengo uti? Musaname.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi nthambi. Zinali mbwee paliponse. Munthu wobadwira kumene ndinabadwira ine sangaone nkhuni zili mbwee n'kungodutsa, manja amayabwa okha. Ndinati anyamatawa ndi aulesi, atenga zipika n'kusiyira nkhalamba zinyalala. Ndinayamba kukoka nthambi kupita nazo ku pikapu, m'mutima ndikuwerengera kale zowotchera nyama kukadzatentha.

A Gordon anali atatsalira m'mbuyo ndi mawondo awo aja. Liwu la Chichewa limene amalidziwa ndi limodzi lokha, ndipo amalitchula ngati akutafuna mbatata yotentha; zina zonse timakamba m'Chizungu.

"Asewere! Mukupita nazo kuti?"

"Ndikukusesererani. Anyamata aja akupusitsani, ntchito sanamalize. Ndipatseni nambala yawo ndiwauze mawu awiri."

"Bwezani."

"Mwati bwanji?"

"Bwezani pamene mwazitenga. Mukulanda chakudya cha alendo anga."

Magazi anathamangira kumutu. Ine kundiuza kuti bwezani, ngati mwana waba shuga? Ndinatembenukira kwa Tadala, amene anali atatsamira pikapu, poti ndi woyembekezera.

"Iwe, tawauza apongozi akowa kuti ine kwathu sindinabepo ngakhale nkhuku!"

"Adadi, mwayambapotu," anatero. "Please, tangomverani kaye. Musandiembarase m'tchire muno."

Mkulu uja sanakweze mawu. Anathyola kansonga ka nthambi n'kundionetsa timaso ta masamba. Nyengo yozizira ino, anatero, gwape alibe msipu, amadya nsonga zimenezi. Mtengo ukaimirira nsongazo zili kumwamba, iye safikira. Mitengo yawo itakula n'kutsekerana, dzuwa linaleka kufika pansi. Tchire linatha, mphukira zinatha, pansi panangoti see ngati pabwalo losesa. Gwape adye chiyani? Abisale pati? Tsopano mipata yatseguka. Chisanu chikatha mphukira zidzatuluka, ndipo nthambi zogonazo zidzatchinga timitengo tina kuti agwape asatimalize tonse. Akachuluka kwambiri, mfuti ya Novembala idzawachepetsa.

Macheka akudyetsa gwape, mfuti ikulera mtengo. Munazimvapo?

Safunsa anadya phula. Ndinabweza nthambi zonse ndekha, ndikung'ung'udza, thukuta lili kamukamu m'kati mwa jekete.

Kenako a Gordon anati tikhale pa chipika, tisalankhule. Kwa ine chimenecho ndi chilango, amayi a Tadala angachitire umboni. Zala za kumapazi zinachita dzanzi. Ndinali pafupi kunena kuti tiyeni tizipita, pamene a Gordon anandigwira pabondo.

Abale, ndaonapo zinthu kuno. Ndaona nyumba zosanja za ku Scarborough, ndaona sitima yoyenda pansi pa nthaka. Koma ngati zimenezi ndinali ndisanaonepo. Gwape anatulukira pakati pa mitengo osamveka ngakhale tswa. Anaima, makutu ali tcheru, mpweya ukufuka m'mphuno ngati utsi. Anaponda pamene ndinaponda ine, n'kufika pa nthambi yomwe ija ndinaikoka. Anayamba kubudula nsonga. M'mbuyo mwake munatuluka wina, kenako ena. Nkhalango yonse inali zii, timangomva mano awo.

Mtima wanga wa ku Ntcheu unayamba kuitana agalu ndi zibonga. Ndinayang'ana mlenje amene wakhala zaka akubwerera wopanda kanthu. Mfuti yawo inali kunyumba, m'kabati yokhoma, poti si nyengo yake. Wapolisi kunalibe, woona kunalibe. Iwo anangokhala, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Abwera," ananong'ona.

Tsono musandimve molakwa. Sindikuti azungu ndi angelo. Pamene pali misewu ndi mashopu a Toronto panalinso nkhalango, ndipo amene anaidula si Amalawi. Sindikunyozanso mayi wa kwathu wotola nkhuni kapena bambo wowotcha makala. Ana akalira njala suwerenga mphukira. Ndiponso nkhalango iyi ili ndi mwini wake, pamene phiri lathu lija linali la aliyense, ndiye kuti la wofika msanga ndi nkhwangwa.

Koma ife a kuno bwanji, amene njala tinaisiya pabwalo la ndege? Timagula malo kumudzi, ndipo foni yoyamba ndi yoti, "Lambulani ponse, pazioneka poyera." Mtengo wabwino tidule msanga mnzathu asanatipitirire. Tchire titenthe chifukwa cha mbewa. Tikapita kutchuthi tizidandaula kuti kwatentha, chitsime chauma, nyama tinkaiona kale. Ndi njala imeneyo, kapena ndi chizolowezi chongoyabwa m'manja, chomwe chinandikoketsa nthambi ine wophikira magetsi?

Pobwerera ku pikapu tinadutsa pa mtengo wina wowongoka, waukulu woti anthu awiri sangaukumbatire. Mlomo wanga sunapirire.

"Asewere, koma uwu munausiyiranji? Matabwa ake angamange nyumba."

"Uwu ndi wobereka mbewu," anatero. Kenako analoza mimba ya Tadala ndi chibwano. "Ana a mtengowu adzadula ndi uyo, ngati adzafune. Inu ndi ine tidzakhala titagona."

Nkhalango sigulitsidwa. Anauza ana awo tsiku lomwelo, ine ndili pomwepo, ndipo anawonjezera kuti Novembala akubwerayu nditsagane nawo, bola ndikaphunzire kutseka pakamwa.

Mdzukulu wathu sanabadwe, koma agogo ake a uku amusiyira kale mtengo wowongoka ndi agwape odya pansi pake. Tsiku lina adzandifunsa kuti agogo, nanga kwanu munandisiyira chiyani. Ndidzamuonetse dazi lija?