Ma eyiti anayi pa kompyuta ya madamu

Moni nonse kumeneko.

Dzulo Lachiwiri, cha m'ma 1 koloko masana, ndinapukuta fumbi la malasha pa kompyuta ya madamu amene ndimawagwirira ntchito ku dera la Baobab kuno kumgodi, mwana wanga Tadala ali kumsana. Madamu atabwera kudzadya, intaneti inakana kutsegula chilichonse. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Wagwira chiyani? Tikambirana mawa." Ndinaona kuti ntchito yandithera.

Atabwerera kuntchito, ndinaimbira alamu anga a Esinati, aja a ku ofesi ya mgodi. Anaseka. "Amake Tadala, chiguduli sichipha intaneti. Khalani pampandopo."

Ine kukhala pampando wa madamu! Koma ndinakhala.

Anati kompyuta sidziwa mayina, imadziwa manambala, ngati nyumba za ku Madumabisa. Ukaipatsa dzina, imakafunsa nambala yake kwa kalaliki wotchedwa DNS. Kalaliki wathu dzulo sankayankha, ndiye tingofunsa wina. Anandilondolera pang'onopang'ono mpaka pa kabokosi koyera ka pa kompyutapo, kolembamo nambala ya kalaliki. Ndinalemba 8 kanayi, timadontho pakati. Tsamba la intaneti linatseguka pompo!

M'mawa uno ndawauza madamu zonse ndekha, maso ali pansi. Sanakalipe. Angotulutsa laputopu ya abwana, amuna awo, kuti ndiikemonso ma eyiti aja, ndipo ndaika iwo ataima kumbuyo kwanga.

Koma achimwene, inu amene munapita patali ndi sukulu, kalaliki wa pa nambala 8 ameneyu amakhala kuti? Nanga poti tizimufunsa njira tsiku lililonse, ndiye kuti azidziwa kulikonse kumene madamu amalowa?